Nthuli Yoviikidwa M'madzi Inandidyera Mwendo

Inu owerenga, ine mwendo wanga wakumanzere ndinausinthanitsa ndi nthuli imodzi ya nyama ya ng'ombe. Sindikuseka ayi. Nthuli yake inali yaing'ono, yonyowa, yozizira, ndipo sindinaidye n'komwe. Koma chiyambire masiku amenewo mpaka lero pamene mutu wanga wayera mbuu, ndimayenda ndi ndodo, bondo lili gwaa ngati chitsa. Ndikulemba izi ndili wokwiya. Abusa angapo andiuzapo kuti ukalamba umaziziritsa mtima. Wanga sunazizire, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti unazizira.

Ndinabadwira kumwera kwa Mzimba, kufupi ndi malire a Kasungu. Mayi anga anali Mchewa. Anagwidwa ali kamtsikana pa nkhondo za Angoni, n'kukulira m'mudzi wa omwe anawagwirawo. Bambo anganso anali a ogwidwa omwewo. Pamene ine ndinkatsegula maso nkhondo zinali zitatha, azungu atakhazikitsa boma lawo, koma m'mitima ya anthu mzere unali ulipobe: uyu mwana wa nduna, uyu mwana wa wogwidwa. Tinkaweta ng'ombe limodzi, tinkavina ingoma limodzi, koma likafika tsiku logawa ulemu aliyense ankadziwa pokhala pake.

Patangopita zaka zochepa chithere nkhondo ya Jeremani, ndinali mnyamata wamkulu pasukulu ina ya mishoni kumeneko. Dzina la sukuluyo sinditchula, makoma ake sanandilakwire. Ndinali m'kalasi lomaliza. Chaka chikamatha, amishoni ankasankha anyamata oti akakhale aphunzitsi m'masukulu a m'midzi, ndipo ine anali atandiuza kale kuti ndili m'gulu la osankhidwawo. Koma uphunzitsi wa masiku amenewo unali wa miyendo. Mphunzitsi mmodzi ankazungulira midzi ingapo, kukwera zitunda, kuwoloka madambo m'dzinja, kenako kubwerera ku mishoni wapansi kukalandira malangizo. Wopunduka sankamutenga. Musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wachizungu, wamfupi, wakhosi lonenepa. Tinamutcha Chimphuno chifukwa mphuno yake inali yokhotera kumbali, ati inathyoka pa masewera kwawoko. Tikanakhala ochenjera tikanayang'ana mphunoyo n'kuthawa. Munthuyu anabwera ndi mpira wosabulungira ngati wa masiku ano, koma wautali ngati mphonda. Ankati masewera ake ndi ragibi. Mpirawo umanyamulidwa m'manja, kuthamanga nawo mpaka kukaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa anzanu, ndipo wina akakupeza amakugwetsa basi, palibe mlandu. Nthawi zina anyamata a mbali zonse ziwiri amakolekana mapewa, mitu pansi, n'kumakankhana ngati nkhunzi kulimbirana mpira uli kumapazi. Ife amene tinakulira kubusa, kulimbana ndi kumenyana ndi ndodo, tinawakonda masewerawa nthawi yomweyo.

Ine ndinali woonda, wamiyendo itaitali, ndipo liwiro linalipo. Sindikudzitama, ndikunena zimene aliyense ankadziwa. Ndikagwira mpira uja pambalambanda, anthu ankangoona fumbi.

Tsopano ndikuuzeni za Zondwayo, chifukwa ndiye mwini wake wa ndodo ndikuyendera iyi. Anali mnzathu wa m'kalasi, mwana wa nduna ina yolemera ng'ombe cha ku Edingeni. Wamtali, wooneka bwino, pakamwa pothwa. Chimphuno anamuika kukhala kaputeni, osati chifukwa ankasewera kuposa ife, koma ati anyamata amamumvera. Atatero anamusiyira zonse: wosewera ndani, wotsala ndani, woima pati ndani. Mzunguyo ankaganiza kuti wapeza njira yapafupi. Sankadziwa, kapena sankafuna kudziwa, kuti wapereka mpeni kwa munthu amene anabwera ndi mzere uja kuchokera kumudzi.

Zondwayo anati timu yathu idzaima monga ankaimira agogo ake pankhondo, chifuwa pakati ndi nyanga ziwiri m'mbali. A pachifuwa ntchito yawo kukankha, kugwa, kupondedwa, mpaka mpira utuluke. A kunyanga ntchito yawo kulandira mpirawo ndi kuthamanga nawo kukagoletsa. Kunena zoona nzeruyo inali yabwino, ngakhale Chimphuno anaomba m'manja. Poipa panali posankha anthu. Kunyanga ndi kumene atsikana ankalulutira nthungululu, choncho nyanga zonse ziwiri anapatsa asuweni ake. Mmodzi wa iwo ankathamanga ngati wasenza mtsuko wodzaza. Ife ana a ogwidwa tonse anatiunjika pachifuwa, wonenepa ndi woonda yemwe. Ine, wa miyendo ngati mabango, anandiika kutsogolo kwenikweni kumene mapewa amagundana. Mnyamata wina wamphamvu zedi, woyenera malo amenewo, atafunsa kuti bwanji osasinthanitsa, Zondwayo anamuchotsa mu timu tsiku lomwelo. Otsalafe tinangoima pamene anatiika.

Kenako tinamva kuti kuli mpikisano ku Mzimba. Chimphuno anali atakangana ndi mzungu wina wa kuboma kuti anyamata amphamvu ndi a ndani. Ife ana asukulu opanda nsapato tinayenera kukakumana ndi asilikali ndi amesenjala, amuna okhwima, ena obwera kunkhondo, ovala majombo. Mikangano ya azungu awiri atakhuta tiyi, koma mafupa oti akathyoke anali athu.

Mpikisano utayandikira, tsiku lina tikuyeserera, gulu lonse linandigwera mwendo utapindika. Ndinamva kutentha mkati mwa bondo. Kutacha linali litatupa ngati dzungu, kuponda pansi kunali ndi misozi. Ndinapita kwa Chimphuno. Analidina ndi chala, n'kunena kuti ndikambirane ndi kaputeni, iye salowerera zosankha anthu. Ndinapita kwa Zondwayo. Ndinamupempha mwaulemu kuti andisiye, abwezere mnyamata wamphamvu uja pamalo panga. Sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anangoti tonse tipita, tikaonera komweko. Ine wopusa ndinaganiza kuti wamva.

Ulendo wa ku Mzimba unali wapansi, ndipo njira inadzera kumudzi kwa Zondwayo. Ndinatsimphina kumbuyo kwa anzanga mpaka tinafika. Bambo ake anali atapha ng'ombe kuti timu idye, monga ankachitira akale pokonzekera nkhondo. Mudzi wonse unasonkhana pafupi ndi khola, akuluakulu, amayi, ndi atsikana amene anavala mikanda yawo kudzationa.

Inu amene simunakulire pakati pa Angoni, mverani mwambo uwu kuti mumvetse chimene chinandichitikira. Kale, ankhondo akamadya ng'ombe, ngwazi zinkalandira nyama yotentha, yochokera pamakala. Munthu amene anathawa nkhondo kapena kukana kupita, amene iwo ankamutcha gwala, kunena kuti wamantha, nthuli yake ankayamba aiviika m'madzi ozizira, n'kumupatsa anthu onse akuona. Sankamumenya, sankamutukwana. Madziwo ankakwanira. Munthu wotero atsikana ankamuseka mpaka imvi, ndipo ana ake ankatchedwa ana a gwala.

Zondwayo ndiye ankagawa nyama. Anapatsa asuweni ake, anapatsa a pachifuwa mmodzimmodzi, ine n'kundidumpha. Kenako anaitanitsa chipanda cha madzi. Anatola nthuli, anaikweza kuti onse aione, anaiviika pang'onopang'ono, n'kundiponyera pa tsamba madzi akuchucha.

"Uyu akuti bondo likumupweteka chomene," anatero mokweza. "Mbwenu adye yake ya magwala. Amake anabwera kuno atamangidwa chingwe, tingadabwe chiyani?"

Atsikana anaphulika kuseka. Akuluakulu ena anaseka, ena anayang'ana pansi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuletsa. Chimphuno anali pampando cha pomwepo akutafuna chiwindi. Anafunsa kuti anthu akuseka chiyani, wina n'kumuuza kuti ndi nthabwala za anyamata, iyenso n'kuseka nawo.

Ha, inu owerenga, manyazi ndi chinthu choipa! Kundinyoza ine ndekha mwina ndikanapirira, koma anatchula mayi anga. Ndinaimirira, ndinaiponda nthuli ija m'dothi ndi mwendo wodwala womwewo, n'kulumbira pamaso pa onse kuti ndisewera, ndipo pachifuwa pomwepo. Anthu anaomba m'manja. Zondwayo anamwetulira n'kundipatsa nyama yotentha. Ine ndinkayesa ndamugonjetsa. Kalanga ine, ndinali nditamupatsa chimene ankafuna, chifukwa popanda ine chifuwa chake chinali choperewera, ndipo kubwezera mnyamata amene anamuchotsa uja kukanamuchotsa ulemu.

M'mawa mwake mkulu wina wa m'mudzimo ananditema mphini kuzungulira bondo, anapaka mankhwala akuda, n'kulimanga ndi luzi mpaka mitsempha kuonekera. Bondo linachita dzanzi, ine n'kumati lapola. Ndinayenda nalo choncho mpaka ku Mzimba.

Bwalo lake linali louma, la nsangalabwi, anthu atazungulira mbali zonse. Masewera atangoyamba, zinaoneka poyera kuti nzeru ya Zondwayo yafera m'manja mwa anthu amene anawasankha. Ife a pachifuwa tinkalimbana mpaka mpira kutuluka, koma ukafika kunyanga, msuweni wake asanaponde kawiri, msilikali wamugwetsa kale. Nyanga zathu zinali zobuntha. A kuboma ataona zimenezo anasiya kulondera m'mbali, onse n'kudzatiunjikira pakati. Tinkakankhidwa chobwerera, majombo akutiponda zala. Zondwayo malo ake anali kumbuyo kwa chifuwa, potolera mpira ukatuluka, pamene sipafika phewa la munthu. Ali pamenepo ankangokuwa kuti kankhani agalu inu, kankhani! Malaya ake anali oyera mpaka masewera kutha.

Pa nthawi yopuma luzi lija linali litalowa m'mnofu, dzanzi litatha, bondo likugunda ngati muli mtima wina. Ndinamuyandikira Zondwayo. Sindinapemphe kutuluka, chifukwa masiku amenewo wotuluka sankalowetsedwa wina m'malo mwake. Ndinangoti andiike kunyanga, kumene kulibe kukankhana, mwina ndingathe kuthamanga kamodzi kokha tigoletse, msuweni wake wonenepa, wosenza mtsuko uja, abwere pachifuwa pamene thupi lake lingathandize. Anzanga a pachifuwa anavomereza. Iye anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kulankhula motsitsa mawu kuti Chimphuno asamve.

"Kunyanga kuli eni ake. Kapena ukufuna ndikakuviikirenso ina?"

Ndinabwerera pachifuwa. Ndikanatha kukhala pansi pomwepo n'kukana. Palibe akanandinyamula. Koma ndinabwerera.

Sipanatenge nthawi. Titakolekana mapewa, a kuboma anakankha onse pamodzi, phazi langa linakodwa pakadzenje, gulu lonse n'kugwera pamwamba panga. Ndinamva thyoo! Anthu oonerera akuti nawonso anamva. Atandichokera, mwendo unali utaloza kumene mwendo suloza. Msilikali amene anali pamwamba panga ndiye anandinyamula kukandigoneka pansi pa mtengo, akuti pepa, pepa mwana. Ameneyo sindimusungira kanthu, ankasewera monga anamuphunzitsira. Masewera anapitirira ine ndikulira pamtengo paja. Tinagonja mochititsa manyazi, osagoletsa ngakhale kamodzi.

Amene anandinyamula pamachira kubwerera ku mishoni anali anzanga a pachifuwa, iwonso ali ndi mabala awo. Zondwayo anatsogola ndi Chimphuno, akumufotokozera kuti tagonja chifukwa chifuwa chinali chofooka. Pofika kwa dokotala mwendo unali utatupa mpaka m'chiuno. Dokotalayo anayesetsa, sindimunena, anaupulumutsa kuti usadulidwe. Koma unauma osapindikanso, ndipo unafupika. Mayi anga atabwera kudzandiona sanalire mokweza. Anangokhala pansi pafupi ndi mphasa, n'kundifunsa kuti mwananga, anthu amenewa anatitenga ife ndi chingwe, iwe wapita wekha bwanji?

Chaka chitatha, Chimphuno anandiitana n'kundiuza ndi mawu okoma kuti Mulungu ali ndi ntchito ina ya ine. Uphunzitsi unathera pomwepo. Malo anga anapatsa msuweni wa Zondwayo, wosenza mtsuko uja. Zondwayo nayenso anakhala mphunzitsi, n'kukwera mpaka kukhala woyendera masukulu, wa njinga ndi chipewa. Timu ija inafa yokha. A pachifuwa onse anakana kuseweranso, ndipo nyanga popanda wozikankhira sizikanachita kanthu. Mpira uja anaudya makoswe mosungira katundu, Chimphuno n'kubwerera kwawo ndi mphuno yake.

Ine ndinaphunzira kusoka. Makina anga ndi opukusa ndi dzanja, chifukwa opalasa ndi phazi amafuna miyendo imene ndilibe. Ndinakhala pakhonde la sitolo ina pa Champhira zaka zonsezi. Ndinakwatira mkazi wabwino, ana ndinalera, sindinapemphepo kwa munthu. Koma musandiuze kuti zonse zinatha bwino. Mwana wasukulu aliyense wodutsa pakhondepo ndi buku m'manja ankandikumbutsa kumene ndinayenera kukhala.

Tsopano mverani za tsiku limene ndinamuonanso Zondwayo, tonse titakalamba. Kunali kumasana. Kunabwera mkulu wina wonenepa, wa jekete ndi ndodo yokometsera, atanyamula buluku loti ndilikulitse m'chiuno. Ndinamuzindikira asanatsegule pakamwa. Iye sanandiyang'ane n'komwe kumaso, telala amayang'anidwa ndi ndani? Anakhala pabenchi kudikira. Panali anyamata ena pakhondepo akukangana za mpira wa miyendo, chifukwa timu yawo inali itagonja dzulo lake. Zondwayo analowerera, n'kuyamba kuwaphunzitsa za masewera a amuna enieni. Anafotokoza za chifuwa ndi nyanga, za asilikali a majombo, za iye mwini mmene anatsogolera. Kenako anati tikanapambana, koma pachifuwa panali Mchewa wina wamantha amene anadzigwetsa dala n'kutionongera zonse.

Dzanja langa linaima pamakina. Ndinamufunsa ndisanadzutse mutu kuti, "Adada, Mchewa ameneyo dzina lake anali ndani?"

Anaseka. "Aa, ndani angasunge dzina la gwala? Ndinaiwala kalekale."

Mwamva, inu owerenga? Ine tsiku lililonse la moyo wanga, podzuka, pokhala pansi, popita kuthengo, ndakhala ndikumutchula munthu ameneyu. Iye dzina langa lokha analibe. Mwendo wanga wonse kwa iye unali kankhani kosekeretsa anyamata.

Ndinagwira ndodo, ndinaimirira, ndinapinda buluku langa mpaka pamwamba pa bondo. Zipsera za mphini zija zilipobe, kuzungulira fupa lokhota. Ndinamuuza dzina langa, ndi dzina la mayi anga amene iye anati anabwera pachingwe. Pambali panga panali beseni la madzi owazira zovala posita. Ndinatenga buluku lake, ndinalikweza kuti onse alione, ndinaliviika pang'onopang'ono, n'kumuponyera pamiyendo madzi akuchucha, losasoka. Anyamatawo sanamvetse, koma iye anamvetsa. Anatola buluku lakelo n'kumapita, madzi akudontha m'njira. Pepani sananene, ndipo ndamva kuti anamwalira osanena.

Mwina mukuganiza kuti mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo. Ayi ndithu. Buluku lake linauma dzuwa lisanalowe. Ine ndinatseka makina, n'kutsimphina kupita kunyumba monga mwa masiku onse.

Ndiye ndikulankhula ndi inu anyamata amene mumathamanga m'mabwalo masiku ano, kaya mpira wanu ndi wotani. Thupi likakuuzani kuti lavulala, limvereni, ngakhale kaputeni afuule bwanji, ngakhale bwalo lonse likusekeni. Yang'anani kaye pamene waima munthu amene akukutchani wamantha. Kawirikawiri amakhala kumbuyo, malaya ali oyera. Wosankha anthu potengera magazi a kwawo, wothamanga n'kumuika pokankha, wolemera thupi n'kumuika pothamanga, sakufuna kupambana ameneyo, akufuna abale ake alulutiridwe, ndipo mafupa olipira ndi anu. Nanunso aphunzitsi ndi akuluakulu a matimu, musamachite za Chimphuno, kusiyira mwana mnzawo mphamvu zonse inu n'kumatafuna chiwindi pambali. Mwana akabwera ndi bondo lotupa, musamutumize kwa wina.

Koma chachikulu ndi ichi. Anthu amene anandiseka pakhola paja anabalalika tsiku lomwelo, aliyense kukagona kwake. Atsikana aja anakwatiwa, anakalamba, ambiri anafa, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe amene anakumbukirapo za nthuli ija ngakhale kamodzi. Ine ndinapereka mwendo kuti anthu amenewo asandiseke. Wina akadzakuikirani nthuli yonyowa patsogolo, itoleni, idyeni, museke nawo limodzi, mubwerere kwanu ndi miyendo iwiri. Yanga ija inali yaing'ono, inu owerenga. Ndikanangoimeza kamodzi n'kutha.